PHUNZIRO LA MASAMU: NAMBALA YANGWIRO YACISANU, 33,550,336

Mwana wa sukulu akaona nambala yaitali italembedwa pa bolodi, kawiri-kawiri amataya mtima, naganiza kuti manambala onse akuru-akuru ali cimodzi-modzi, monga mcenga wa kudambo umene munthu sangathe kuusiyanitsa. Koma akatswiri a masamu satero ai. Kwa iwo nambala iri yonse iri ndi mtundu wace, abale ace ndi makhalidwe ace, ndipo amaifunsa mafunso monga mfumu ifunsa mlendo wofika pamudzi, kuti adziwe kumene acokera ndi pfuko lace.

Phunziro lino liri pa nambala imodzi yokha, ndiyo 33,550,336. Nambala imeneyi idabisika kwa anthu anzeru zaka zoposa 1,000, ndipo pamene idapezeka idagwetsa lamulo limene aphunzitsi ambiri adakhala alikuphunzitsa ngati loona. Cifukwa cace mbiri yace iri ndi cenjezo kwa yense amene agwira nchito ndi manambala, kaya ndi mwana wa sukulu, kaya ndi kalaliki, kaya ndi wosunga ndalama za anzace.

KUKULA KWACE

Nambalayi iri ndi malembo 8, ndipo poichula munthu anena kuti mamiliyoni 33, zikwi 550, ndi 336. Kuti kukula kwace kumveke, wowerenga ayerekeze munthu amene ayamba kuwerenga 1, 2, 3, nachula nambala imodzi pa sekondi iri yonse, osagona, osadya, osapuma. Tsiku limodzi, usana ndi usiku womwe, liri ndi masekondi 86,400. Munthu uja adzafika pa 33,550,336 atatha masiku 388 ndi maora 7 ndi theka, ndiko kuti caka cathunthu ndi masabata atatu ndi masiku awiri. Akayamba pa tsiku limene anzace abzala cimanga, iwo adzapalira, adzakolola, adzadya, nadzabzalanso, iye asanatsirize.

Motero nkosatheka kuizindikira nambala yotere poyala timiyala pansi. Pafunika njira, ndipo njira yace ndiyo kuifunsa mafunso limodzi-limodzi.

FUNSO LOYAMBA: KODI IGAWIKA PAKATI?

Manambala onse athunthu agawidwa poyamba m'magulu awiri. Alipo ogawika pakati popanda cotsala, monga 2, 4, 6, 8, ndipo alipo ena amene powagawa pakati kamodzi katsala, monga 1, 3, 5, 7. Cizindikiro ciri pa lembo lotsiriza: likakhala 0, 2, 4, 6 kapena 8, nambalayo igawika pakati. Tsono 33,550,336 itsiriza ndi 6, motero iri m'gulu loyamba.

Koma wophunzira wakhama saima pomwepo. Agawanso theka lija pakati, ndi theka la theka, mpaka pamene nambala ikana. Akatero apeza mndandanda uwu:

16,775,168, 8,387,584, 4,193,792, 2,096,896, 1,048,448, 524,224, 262,112, 131,056, 65,528, 32,764, 16,382, 8,191.

Wagawa maulendo 12, ndipo pa 8,191 kugawa pakati kwatha, pakuti lembo lotsiriza ndi 1. Ma 2 okwana 12 akacurukitsana apanga 4,096. Cotero nambala yaikuru ija yayamba kuulula cinsinsi cace:

33,550,336 = 4,096 × 8,191.

FUNSO LACIWIRI: KODI 8,191 ISWEKA?

Manambala agawidwanso m'magulu ena awiri. Ena asweka, ndiko kuti apangidwa pocurukitsa manambala awiri ocepa, monga 15 amene ali 3 × 5, kapena 91 amene ali 7 × 13. Ena sasweka konse, pakuti palibe nambala yolowa mwa iwo popanda cotsala koma 1 ndi iwo eni. Otere ndi 2, 3, 5, 7, 11, 13 ndi anzao. Mabuku a Cingerezi awacha prime, ndipo m'phunziro lino achedwa manambala osasweka. Iwo ndiwo njerwa zimene manambala ena onse amangidwa nazo.

Nkoonekeratu kuti 33,550,336 isweka. Koma nanga 8,191? Funso ili ndilo mtima wa nkhani yonse, ndipo siliyankhidwa poyang'ana cabe. Kuyesa manambala onse ocepera 8,191 sikufunika. Ikakhala kuti isweka m'manambala awiri, wamng'ono wa awiriwo sangapose 90, pakuti 91 × 91 ndi 8,281, ndipo apo yapitirira kale. Ndiponso kukwanira kuyesa osasweka okha, ndipo ocepera 90 alipo 24, kuyambira 2 mpaka 89. Pogawa 8,191 ndi 3 patsala 1; ndi 7 patsala 1; ndi 11 patsala 7; ndi 17 patsala 14; ndi 89 patsala 3. Onse 24 asiya cotsala. Motero 8,191 sisweka.

Iripo njira yacidule imene adaipeza Pierre de Fermat, woweruza milandu wa ku Toulouse m'dziko la France, m'caka ca 1640. Ma 2 okwana 13 akacurukitsana apanga 8,192, ndipo kucotsapo 1 ndiko kupeza 8,191. Popeza 13 ndi nambala yosasweka, lamulo la Fermat linena kuti nambala yosasweka yotha kulowa mu 8,191 iyenera kusiya cotsala 1 poigawa ndi 26. Ocepera 90 otere ndi 27, 53 ndi 79 okha, ndipo 27 asweka, motero atsala awiri. Pogawa ndi 53 patsala 29. Pogawa ndi 79 patsala 54. Nchito ya masamu 24 yatha ndi masamu awiri, ndipo yankho liri lomwelo.

FUNSO LACITATU: ZIGAWO ZACE NZINGATI?

Cigawo ca nambala ndi nambala ina iri yonse yolowa mwa iyo popanda cotsala. Zigawo za 12 ndi 1, 2, 3, 4, 6 ndi 12 mwini wace. Popeza 33,550,336 yamangidwa ndi njerwa za mitundu iwiri yokha, 2 ndi 8,191, zigawo zace ziima m'mizere iwiri.

Mzere woyamba: 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128, 256, 512, 1,024, 2,048, 4,096. Zonse 13.

Mzere waciwiri upezeka pocurukitsa ciri conse ca mzere woyamba ndi 8,191. Uyamba ndi 8,191, 16,382, 32,764, nukwera mpaka 16,775,168 ndi 33,550,336 mwini wace. Nazonso ziri 13.

Zonse pamodzi ziri 26, ndipo popanda mwini wace ziri 25. Kwa nambala yaikuru cotere zimenezi nzocepa ndithu, pakuti 840, amene ali kanambala kakang'ono pomlinganiza nayo, ali ndi zigawo 32.

MITUNDU ITATU YA MANAMBALA

Agiriki akale adali ndi cizolowezi coonkhetsa zigawo za nambala, kusiya mwini wace, ndi kuona cimene cituruka. Potero adapeza mitundu itatu.

Ena ali operewera. Zigawo za 10 ndi 1, 2, 5, ndipo pamodzi zipanga 8, osafika pa 10. Manambala onse osasweka ali m'gulu limeneli, pakuti cigawo cao ndi 1 yekha.

Ena ali osefukira. Zigawo za 12 ndi 1, 2, 3, 4, 6, ndipo pamodzi zipanga 16, kupitirira 12.

Ena, ocepa kwambiri, saperewera ndiponso sasefukira. Zigawo za 6 ndi 1, 2, 3, ndipo pamodzi zipanga 6 yemweyo. Zigawo za 28 ndi 1, 2, 4, 7, 14, ndipo pamodzi zipanga 28. Amenewa achedwa manambala angwiro.

Nicomachus wa ku Gerasa, mudzi umene lero uchedwa Jerash m'dziko la Jordan, adalemba za mitundu itatuyi ca m'ma 100 Ambuye atabadwa. Osefukira adawayerekeza ndi nyama yokhala ndi ziwalo zoposa muyeso, ndi operewera adawayerekeza ndi nyama yosowa ciwalo. Naye Augustine Woyera, Episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene adamwalira m'caka ca 430, adaidziwa nkhaniyi. M'buku lace la Mzinda wa Mulungu adaphunzitsa kuti 6 ali wangwiro mwa iye yekha, ndi kuti nchito yolenga idatha m'masiku 6 cifukwa ca ungwiro umenewo.

Tsono 33,550,336 iri m'gulu liti? Wofuna kuonkhetsa zigawo 25 cimodzi-cimodzi angathe kutero pa sileti, koma iripo njira yosatopetsa. Manambala owirikiza kawiri akaonkhetsedwa kuyambira 1, apanga nthawi zonse nambala yoperewera kamodzi pa wotsatira: 1 + 2 ndi 3, kamodzi kuperewera pa 4, 1 + 2 + 4 ndi 7, kamodzi kuperewera pa 8. Comweco mzere woyamba wonse, kuyambira 1 mpaka 4,096, upanga 8,191. Mzere waciwiri, popanda mwini wace, uli ndi ma 8,191 okwana 1 + 2 + 4 mpaka 2,048, ndiwo 4,095, ndipo 8,191 × 4,095 ndi 33,542,145. Pomaliza:

33,542,145 + 8,191 = 33,550,336.

Palibe coperewera, palibe cosefukira. Nambalayi iri yangwiro. Kuyambira 1 mpaka kufika pa iyo, pakati pa manambala oposa mamiliyoni 33, angwiro alipo asanu okha: 6, 28, 496, 8,128 ndi 33,550,336. Abale ace apafupi alibe mwai umenewu, pakuti theka lace, 16,775,168, liri loperewera, ndipo kuwirikiza kwace, 67,100,672, kuli kosefukira.

NJIRA YA EUCLID

Amene adayamba kulemba njira yopezera manambala angwiro ndiye Euclid, mphunzitsi wa ku Alexandria m'dziko la Egypt, zaka ngati 300 Ambuye asanabadwe. Iri pa mapeto a gawo la 9 la buku lace lochedwa Elements. Njirayo ndi iyi: munthu aonkhetse 1, 2, 4, 8 ndi kumapitirira, paliponse pamene zoonkhetsazo zipanga nambala yosasweka, aicurukitse ndi nambala yotsiriza imene waonkhetsa, ndipo adzapeza nambala yangwiro.

1 + 2 = 3, ndipo 3 × 2 = 6.
1 + 2 + 4 = 7, ndipo 7 × 4 = 28.
Kufika pa 16 zipanga 31, ndipo 31 × 16 = 496.
Kufika pa 64 zipanga 127, ndipo 127 × 64 = 8,128.
Kufika pa 4,096 zipanga 8,191, ndipo 8,191 × 4,096 = 33,550,336.

Mau akuti yosasweka ndiwo msana wa lamuloli. Kufika pa 8 zoonkhetsa zipanga 15, amene asweka, ndipo 15 × 8 ndi 120. Zigawo za 120 zipanga 240, kusefukira kutali. Cifukwa cace nciani? Nambala yosweka ibweretsa zigawo zina zapadera, monga 3 ndi 5, zimene mizere iwiri ija iribe malo ace.

MSAMPHA WA 2,047

Pakati pa 127 ndi 8,191 zoonkhetsa zipanga manambala asanu: 255, 511, 1,023, 2,047 ndi 4,095. Atatu mwa iwo sabvuta, pakuti 5 alowa mu 255 ndi mu 4,095, ndipo 3 alowa mu 1,023. Wacinai, 511, abisa pang'ono, koma ali 7 × 73. Wobvuta ndi 2,047.

Anthu adazindikira kuti angwiro anai oyamba adaturuka poonkhetsa manambala 2, 3, 5 ndi 7, ndipo onsewa ali osasweka. Wosasweka wotsatira ndi 11, ndipo manambala 11 akaonkhetsedwa apanga 2,047. Iye akana 3, akana 5, akana 7, 11, 13, 17 ndi 19. Munthu wotopa msanga aleka pamenepo, nalemba kuti 2,047 × 1,024, ndiyo 2,096,128, iri nambala yangwiro. Olemba ena a ku Ulaya a zaka za m'ma 1500 adaiikadi m'mindandanda yao pamodzi ndi 130,816, yocokera kwa 511. Koma akuru adati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Akadayesa nambala imodzi yokha yotsatira, akadaona kuti 2,047 ndi 23 × 89. Hudalrichus Regius adasindikiza zimenezi m'caka ca 1536.

Zigawo za 2,096,128 ziri 44, ndipo popanda mwini wace zipanga 2,325,392. Yasefukira ndi 229,264. Kusamu kumodzi kosiyidwa kudasokeretsa anthu ophunzira, ndipo ena adangokopera colakwaco kwa anzao osaciyesa.

MALAMULO AWIRI AMENE ADAGWA

Akale adadziwa angwiro anai okha: 6, 28, 496 ndi 8,128. Poyang'ana anaiwa, Nicomachus ndi amene adamtsata adaona zinthu ziwiri zokondweretsa. Coyamba, woyamba ali ndi lembo limodzi, waciwiri malembo awiri, wacitatu atatu, wacinai anai. Caciwiri, malembo ao otsiriza asinthana: 6, 8, 6, 8. Zimenezi zidatengedwa ngati malamulo a manambala angwiro onse, ndipo popeza Boethius adamasulira ciphunzitso ca Nicomachus m'Cilatini ca m'ma 500, zidaphunzitsidwa m'masukulu a ku Ulaya zaka mazana ambiri.

Lamulo loyamba likadakhala loona, wangwiro wacisanu akadakhala ndi malembo 5. Koma palibe wangwiro wa malembo 5, kapena 6, kapena 7. Wacisanu ali ndi malembo 8. Katswiri wina wa Ciarabu, Ibn Fallus, wa zaka za m'ma 1200, adamlemba m'mndandanda wace, ngakhale kuti momwemo adaikamonso manambala ena olakwa. Ku Ulaya adaoneka koyamba m'buku lolembedwa pamanja pakati pa 1456 ndi 1461, limene lisungidwa ku Munich.

Lamulo laciwiri lidagwa pambuyo pace. M'caka ca 1588 Pietro Cataldi wa ku Bologna m'dziko la Italy adatsimikiza wacisanu ndi cimodzi, 8,589,869,056, ndi wacisanu ndi ciwiri, 137,438,691,328. Wacisanu atsiriza ndi 6, ndipo womtsatira atsirizanso ndi 6. Kusinthana kuja kwatha. Cimene cidatsala coona ndi ici cokha, kuti wangwiro ali yense wogawika pakati atsiriza ndi 6 kapena ndi 28, ndipo ici cidatsimikizidwa ndi zifukwa zokwanira.

Nanga adziwa bwanji kuti palibe wangwiro wina wobisala pakati pa 8,128 ndi 33,550,336? Euclid adangoti njira yace ibala angwiro, osanena kuti ibala onse. Amene adatseka mpata umenewu ndiye Leonhard Euler wa ku Switzerland, wobadwa m'caka ca 1707, amene adasonyeza kuti wangwiro ali yense wogawika pakati acokera m'njira ya Euclid. Zolemba zacezo zidasindikizidwa m'caka ca 1849, iye atamwalira kale. Popeza manambala asanu aja a pakati pa 127 ndi 8,191 onse asweka, palibe wangwiro wogawika pakati amene walumphidwa. Osagawika pakati nao adayesedwa, monga kudzanenedwa kutsogoloku, ndipo palibe wangwiro mwa iwo m'dera limeneli. Motero 33,550,336 ndi wacisanudi.

MAGULU ENA AMENE IRIMO

Munthu mmodzi akhoza kukhala mlimi, nakhalanso mmisiri, nakhalanso woyimba. Nayo nambalayi ipezeka m'magulu ena.

Iri nambala ya ngondya zitatu. Woumba njerwa akaunjika njerwa imodzi pamwamba, ziwiri pansi pace, zitatu pansi pa izo, mulu wace ukhala wa ngondya zitatu. Mizere itatu idya njerwa 6. Mizere 7 idya 28. Mizere 31 idya 496. Mizere 127 idya 8,128. Mizere 8,191 idya njerwa 33,550,336. Kutsimikiza kwace nkosabvuta. Mzere woyamba ndi wotsiriza apanga 8,192. Waciwiri ndi wotsatana ndi wotsiriza, 2 ndi 8,190, apanganso 8,192. Magulu a iwiri-iwiri otere alipo 4,095, ndipo apanga 33,546,240. Pakati patsala mzere umodzi wopanda mnzace, wa njerwa 4,096, ndipo pouonkhetsa zikwana 33,550,336.

Iri nambala ya ngondya 6. Timiyala toyalidwa m'maonekedwe a kacipinda ka m'cisa ca njuci tipanga 1, 6, 15, 28, 45 ndi kumapitirira. Woyamba ndi 1 × 1, waciwiri 2 × 3, wacitatu 3 × 5, wacinai 4 × 7. Wa 4,096 ndi 4,096 × 8,191.

Siiri nambala ya mbali zinai zolingana, monga 9 amene ali 3 × 3 kapena 16 amene ali 4 × 4. Pakuti 5,792 × 5,792 ndi 33,547,264, kuperewera, ndipo 5,793 × 5,793 ndi 33,558,849, kupitirira. Ciripo cizindikiro cina: manambala otere okha ndiwo ali ndi zigawo za ciwerengero cosagawika pakati, monga 9 amene ali nazo zitatu, pamene iyi iri nazo 26.

Ipangidwanso ndi manambala osagawika pakati, ali yense atalembedwa katatu ndi kucurukitsidwa. Pakuti 1 × 1 × 1 ndi 1. 3 × 3 × 3 ndi 27. 5 × 5 × 5 ndi 125. 7 × 7 × 7 ndi 343. Awiri oyamba pamodzi apanga 28. Anai onse apanga 496. Kufika pa 15 apanga 8,128, ndipo kufika pa 127, manambala 64, apanga 33,550,336. Mwa angwiro ogawika pakati, 6 yekha ndiye alibe khalidwe limeneli.

Malembo ace nao ali ndi kanthu. 3 + 3 + 5 + 5 + 0 + 3 + 3 + 6 apanga 28. 2 + 8 apanga 10. 1 + 0 apanga 1. Comweconso 496 ndi 8,128 atsikira pa 1. Tanthauzo lace ndi lakuti powagawa ndi 9 patsala 1, ndipo zoonadi 9 × 3,727,815 ndi 33,550,335.

Pomaliza, makina a kompyuta alemba manambala ndi malembo awiri okha, 1 ndi 0. M'kalembedwe kameneko 6 ndi 110, 28 ndi 11100, ndipo 33,550,336 ndi ma 1 okwana 13 otsatidwa ndi ma 0 okwana 12. Ma 1 aja ndiwo 8,191, ndi ma 0 aja ndiwo maulendo 12 ogawa pakati.

BAMBO MERSENNE NDI AMENE ADAMTSATA

Manambala osasweka a mtundu wa 3, 7, 31, 127 ndi 8,191 achedwa ndi dzina la Bambo Marin Mersenne, wansembe wa cipani ca Minim, amene adakhala ku Paris namwalira m'caka ca 1648. Masiku amenewo kudalibe manyuzipepala a akatswiri, ndipo iye ndiye adali kulemberana makalata ndi Fermat, Descartes ndi ena ambiri, napereka kwa wina zimene wina wapeza. M'caka ca 1644 adasindikiza mndandanda wa ciwerengero ca ma 2 cimene, monga mwa kuganiza kwace, cibala nambala yosasweka pocotsapo 1: 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257.

Padapita zaka 300 mndandanda wonsewu usanayesedwe mpaka mapeto. Euler, maso ace atafa, adatsimikiza m'caka ca 1772 kuti wa 31, ndiye 2,147,483,647, sasweka. Edouard Lucas wa ku France adatsimikiza wa 127 m'caka ca 1876. Koma zolakwa zisanu zidapezeka: 67 ndi 257 sadayenere kukhalamo, ndipo 61, 89 ndi 107 adasiyidwa. M'caka ca 1903, pa msonkhano wa akatswiri ku New York, Frank Nelson Cole adasonyeza kuti wa 67, ndiye 147,573,952,589,676,412,927, ali 193,707,721 × 761,838,257,287. Ngakhale munthu wanzeru ndi woona mtima monga Bambo Mersenne adalakwa pamene adalemba zimene adalibe njira yoziyesera.

M'caka ca 1952 Raphael Robinson wa ku California adapatsa nchitoyi makina a kompyuta, napeza asanu atsopano caka cimodzi. Kuyambira 1996 anthu a m'maiko ambiri aphatikiza makompyuta ao pa intaneti m'gulu lochedwa GIMPS. M'mwezi wa October 2024 Luke Durant, mmodzi wa gululi, adapeza wa 52 wodziwika, wopangidwa ndi ma 2 okwana 136,279,841 kucotsapo 1. Malembo ace ali 41,024,320. Ndiko kuti munthu uja wochula kamodzi pa sekondi angatsirize kuwerenga kuyambira 1 mpaka 33,550,336 msanga, koposa kungochula malembo a nambala imeneyo limodzi-limodzi.

MAFUNSO AWIRI OSAYANKHIDWA

Ngakhale makina afika kutali cotero, mafunso awiri a masiku a Nicomachus akali ciimire. Loyamba: kodi manambala angwiro ali ndi mapeto, kapena apitirira kosatha? Euclid adasonyeza kuti manambala osasweka alibe mapeto, koma palibe amene wasonyeza comweco pa a mtundu wa Mersenne. Laciwiri: kodi alipo wangwiro wosagawika pakati? Palibe amene wampeza, ndipo palibe amene wasonyeza kuti sangakhalepo. M'caka ca 2012 Pascal Ochem ndi Michaël Rao adatsimikiza kuti ngati alipo, ali ndi malembo oposa 1,500.

Munthu wopupuluma anganene kuti popeza onse 52 odziwika agawika pakati, nkhani yatha. Akatswiri satero, cifukwa akumbukira zimene zidacitika ndi anai oyamba. Mboni zinai zidagwirizana, ndipo yacisanu idazitsutsa. Pa masamu cinthu cibvomerezedwa pokhapo patapezeka cifukwa cogwira manambala onse, monga adacitira Euclid ndi Euler. Kuona maso a nkhono nkudekha.

ZOYESA PA SILETI

Aphunzitsi angathe kupatsa ana a makalasi apamwamba masamu otsatirawa, ndipo ali yense asonyeze njira imene wayenda, osati yankho lokha.

1. Alembe zigawo zonse za 496, kusiya mwini wace, ndi kuzionkhetsa.
2. Anene mtundu wa ali yense wa awa, ngati ali woperewera, wosefukira kapena wangwiro: 18, 21, 28, 32, 40.
3. Asonyeze kuti 127 sasweka, nafotokoze cifukwa cace kukwanira kuyesa 2, 3, 5, 7 ndi 11.
4. Apeze njerwa za mulu wa ngondya zitatu wa mizere 127 mwa njira yophatikiza mizere iwiri-iwiri.
5. Asonyeze kuti 130,816, amene ali 511 × 256, sali wangwiro, napeze kuti asefukira ndi zingati.

Amene atsiriza zisanuzi ayese kuonkhetsa zigawo 25 za 33,550,336 cimodzi-cimodzi. Yankho likasiyana ndi mwini wace, colakwa ciri pa sileti, ndipo abwereze kuyambira pamwamba.